Mkangano wa Ndalama, Malo Kapena Ntchito Mukautengera Kuti? Kuyerekeza Njira za ku Malawi, Zambia, South Africa ndi England

Munthu akakudyerani ndalama, akakulowererani munda, kapena akakuchotsani ntchito osakupatsani malipiro anu, funso limene limayamba kubwera m'mutu ndi lakuti mukam'sumire kuti, ndipo yankho lake limatengera dziko limene mukukhala. Mlimi wa ku Dedza amayamba wapita kwa anyakwawa, mnzake wogwira ntchito ku Johannesburg amalozeredwa ku ofesi ya CCMA, bungwe loyanjanitsa mabwana ndi antchito, pomwe wa ku Manchester amauzidwa kuti alembe dandaulo lake pa intaneti. Pano tikukamba za mikangano ya pakati pa anthu, monga ngongole, lendi, malire ndi malipiro. Milandu ya kuba, kuvulaza ndi kugwiririra ndi ya apolisi, ndipo siyenera kuthera pansi pa mtengo.

Zoyenera kuyang'ana musanasankhe

Njira iliyonse tiiyeza ndi miyeso inayi. Woyamba ndi mtengo, ndipo mtengo si ndalama yokhayo imene mumapereka kwa kalaliki, koma muwerengenso thiransipoti yanu ndi ya mboni zanu, kudzanso masiku amene simupita kumunda kapena kuntchito. Wachiwiri ndi kupezeka, kutanthauza mtunda, chiyankhulo chimene amagwiritsa ntchito, ndiponso ngati munthu wonga inu amaloledwa kudandaula kumeneko. Wachitatu ndi kulondola, ndiko kuti ntchito imene imatsalira inu mlandu ukatsegulidwa, makamaka chigamulo chikaperekedwa. Wachinayi ndi zoopsa zimene zingakugwereni.

Mwa miyeso inayiyi, wachitatu ndi umene anthu ambiri amauiwala. Kupambana mlandu n'kwina, kulandira ndalama zanu m'manja n'kwinanso, ndipo njira zimenezi zimasiyana kwambiri pa nkhani ya amene ali ndi mphamvu yokakamiza wolakwayo kuti alipire.

Njira yoyamba: bwalo la mfumu ndi makhoti a chikhalidwe

Ku Malawi mikangano yambiri ya kumudzi sifika n'komwe ku khoti. Imayambira kwa ankhoswa kapena kwa mwini mbumba, ikalephereka imapita kwa nyakwawa, kenako kwa gulupu, mpaka kwa mfumu yandodo. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti bwalo limeneli si khoti la boma. Makhoti a mafumu a m'nthawi ya Dr Hastings Kamuzu Banda, amene anafika pogamula Orton ndi Vera Chirwa kuti aphedwe mu 1983, anaimitsidwa pamene dziko linkalowa mu ulamuliro wa zipani zambiri. Malamulo aakulu a 1994 analola kuti nyumba ya malamulo ikhazikitse makhoti a m'madera oweruza nkhani za chikhalidwe, ndipo lamulo lake linavomerezedwa mu 2011, koma makhotiwo anakhala zaka zambiri osatsegulidwa. Pa nkhani ya malo a makolo pokha m'pamene lamulo la 2016 linakonza mabwalo otsogoleredwa ndi mfumu yandodo, okhala ndi njira ya apilo yopita ku boma, ngakhale kuti dongosololi silinafike m'madera onse nthawi imodzi.

Anzathu a ku Zambia anatenga njira ina. Makhoti awo a m'madera, amene akuyenda ndi lamulo la 1966, ali pansi pa nthambi ya zamakhoti ya boma. Amaweruza motsatira mwambo wa kumaloko, amatulutsa samani, amalemba chigamulo, salola maloya, ndipo wosakhutira amachita apilo ku khoti la majisitireti. Mchewa wa ku Katete ndi Mchewa wa ku Mchinji akhoza kukhala ndi mlandu wofanana ndendende, koma woyambayo amachoka ndi pepala la boma pomwe winayo amachoka ndi mawu a mfumu. Ku Mozambique kuli makhoti a m'madera kuyambira mu 1992, ndipo ku Botswana bwalo la kgotla lili ndi mphamvu zolembedwa m'malamulo, ndi khoti lakelake la apilo.

Mtengo. Palibe njira yotsika mtengo kuposa iyi. Mumapereka chabwalo, chimene kwina ndi nkhuku, kwina ndi ndalama yochepa, ndipo mumayenda wapansi.

Kupezeka. Bwalo lili m'mudzi momwemo, limayankhula chiyankhulo chanu, ndipo oweruza amadziwa kale mbiri ya malowo. Ndinakhalapo pa bwalo lina kwathu pamene ankazenga mlandu wa mbuzi zitatu zimene zinalowa m'dimba la munthu. M'malo momvera mikangano ya pakamwa, mfumu inatuma nduna ziwiri kuti zipite kudimbako limodzi ndi eni mlandu, zikawerenge mapesi odyedwa. Zitabwerako, mwini mbuzi analamulidwa kupereka ndowa ziwiri za chimanga akadzakolola, ndipo dzuwa lisanafike pamutu anthu anali atabalalika. Mlandu womwewo ku khoti la majisitireti ukanadya ndalama zoposa chimangacho.

Kulondola. Chigamulo cha mfumu chimaimira pa manyazi ndi ulemu. Chimagwira ntchito kwa munthu amene mawa adzafuna kuti mudzi umuthandize pa maliro, kapena kuti mfumu imulembere kalata. Kwa wogula mbewu wochokera kutauni, amene watenga soya wanu pa ngongole n'kuzimitsa foni, mfumu ilibe pomugwira.

Zoopsa. Kukondera n'kumene kumawononga njira imeneyi. Ngati mukulimbana ndi mphwake wa mfumu, kapena ngati ndinu mkamwini, obwera, kapena mayi wamasiye amene achibale a malemu akufuna kum'landa katundu, bwalo likhoza kukhala la adani anu. Mayi wotere adziwe kuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wa masiye ndi mlandu, ndipo palibe mwambo umene ungafafanize zimenezo. Vuto lina n'lakuti zambiri sizilembedwa, choncho mfumu ikamwalira, malire amene inaweruza amayambanso kukanganiridwa.

Njira yachiwiri: mkhalapakati

Mkhalapakati saweruza kuti wolakwa ndi uyu, koma amathandiza mbali ziwirizo kuti zigwirizane zokha. Dziko limene lazamitsa njira imeneyi ndi Rwanda, kumene kuli makomiti otchedwa Abunzi. Anthu ake amasankhidwa ndi anzawo a m'deralo, salandira malipiro, ndipo pa mikangano yambiri ing'onoing'ono, makamaka ya malo ndi ya m'banja, munthu saloledwa kupita ku khoti asanadzere kwa iwo. Kuyanjanitsa kukakanika, Abunzi amapereka chigamulo cholembedwa, ndipo wosakhutira amakhala ndi kochitira apilo. Kunena kwina, Rwanda anatenga zimene ife timachita pa bwalo n'kuzipatsa kaundula ndi chidindo.

Ku England, kuyambira mu May 2024, anthu okangana pa ndalama zochepa amene mlandu wawo wafika ku khoti amayenera kuyamba adzera kwa mkhalapakati wa boma, amene amawaimbira foni kwaulere kwa nthawi yosapitirira ola limodzi, uku akulankhula ndi mbali iliyonse payokha. Pa nkhani za ntchito, wodandaula amayenera kudziwitsa kaye bungwe la Acas, loyanjanitsa mabwana ndi antchito, asanapite ku bwalo la milandu ya ntchito. Ku South Africa ntchito imeneyi ili m'manja mwa CCMA, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la zantchito la 1995. Kwathu kuno mkhalapakati amapezeka ku ofesi ya zantchito ya pa boma, kwa alangizi a zamalamulo a m'mabungwe monga PASI, komanso ku khoti lalikulu, kumene malamulo a 2017 amafuna kuti milandu yambiri iyambe yakambidwa pamaso pa jaji isanazengedwe.

Mtengo. Abunzi, Acas, CCMA ndi ofesi ya zantchito salipiritsa. Chimene mumalipira ndi chimene mumasiya pogwirizana, chifukwa kawirikawiri munthu amavomera kulandira zochepa kuti alandire msanga.

Kupezeka. CCMA ili ndi maofesi m'zigawo zonse za South Africa, imapereka womasulira, ndipo nzika za mayiko ena nazo zimaloledwa kudandaula. Mu 2008 khoti la zantchito la kumeneko linagamula kuti munthu wobwera amene chilolezo chake chogwirira ntchito chatha amakhalabe wantchito pamaso pa lamulo. Amalawi ambiri a ku Joni amangosiya malipiro awo poganiza kuti alibe pokadandaula, pomwe khomo lake lilipo, ngakhale kuti mantha a munthu wopanda mapepala pofika pa ofesi iliyonse ndi omveka.

Kulondola. Mgwirizano ulembedwe, usainidwe, ndipo utchule tsiku lenileni lolipira ndi kuchuluka kwa ndalama. Mawu akuti "ndidzapereka ndikapeza" si mgwirizano. Ku CCMA kuyanjanitsa kukalephereka, milandu yambiri ya kuchotsedwa ntchito imapita kwa woweruza wa bungwe lomwelo, ndipo chigamulo chake chikatsimikizidwa chimatha kuperekedwa kwa sherifu, mtumiki wa khoti wolanda katundu wa okana kulipira, ngati cha khoti.

Zoopsa. Choopsa chachikulu ndi nthawi. Dandaulo la kuchotsedwa ntchito mopanda chilungamo limayenera kufika ku CCMA pasanathe masiku 30, ndipo bwana wochenjera amatha kumangokulonjezani kuti mukambirana mpaka masikuwo atatha. China n'chakuti pamene mbali imodzi ili ndi mphamvu zambiri, kapena pamene pali nkhanza za m'banja, kukambirana kumasanduka kuopsezana mwaulemu.

Njira yachitatu: khoti la milandu ing'onoing'ono

Ili ndi khoti lenileni, koma lochepetsedwa miyambo kuti munthu wamba athe kudziimira yekha. La ku South Africa linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1984, ndipo mu 2019 malire a ndalama zimene limaweruza anakwezedwa kufika pa R20,000. Maloya saloledwa kuimira mbali iliyonse, ndipo woweruza amakhala loya wodzipereka wosalandira malipiro, n'chifukwa chake milandu yambiri imakambidwa madzulo anthu ataweruka. Kampani ikhoza kusumiridwa kumeneko koma siingasumire munthu, ndipo boma silisumiridwa m'khotili. Ku England ndi Wales malire ake ndi £10,000, pomwe ku Scotland njira yofanana nayo imalekezera pa £5,000. Zambia anakhazikitsa lamulo lake mu 1992, koma khotilo linachedwa zaka zambiri kuyamba ntchito, ndipo nalonso silola maloya. Kenya anatsegula lake mu 2021, lokhala ndi malire a mashilingi 1 miliyoni, ndipo lamulo limati mlandu uthe m'masiku 60.

Mtengo. Ku South Africa kutsegula mlandu n'kwaulere ndipo kalaliki amakuthandizani kulemba mapepala, koma mumalipira sherifu wokapereka samani. Ku England mumalipira potsegula, kuyambira £35 pa ngongole yosapitirira £300 mpaka £455 pa ngongole yoyandikira malire aja, ndipo pamabweranso ndalama ina mlandu ukapatsidwa tsiku. Mukapambana, ndalama zimenezi zimawonjezedwa pa ngongole ya mnzanuyo, koma za loya wanu, ngati munamulemba, kawirikawiri sizibwezedwa.

Kupezeka. Ku South Africa makhotiwa amapezeka pa makhoti a majisitireti m'madera ambiri, ndipo ku England dandaulo limatheka kulembedwa pa intaneti munthu ali kunyumba. Ku Zambia ndi a m'mizinda ikuluikulu monga Lusaka ndi Ndola, choncho wa kumudzi amadalirabe khoti la m'dera.

Kulondola. Apa m'pamene pagona nkhani. Msuweni wanga wina wopenta nyumba ku Johannesburg anagwira ntchito ya masabata atatu kwa munthu amene pomaliza anakana kum'patsa R6,500 yotsala. Anachita zonse monga mwa lamulo. Analemba kalata yopempha ndalama zake n'kupereka masiku 14, anasindikiza mauthenga onse a pa WhatsApp pamodzi ndi zithunzi za makoma asanapentedwe ndi atapentedwa, ndipo mlandu wake unatha madzulo amodzi. Anatuluka ndi chigamulo m'manja akumwetulira, koma ndalamazo anazilandira patapita miyezi isanu, atabwereranso ku khoti kukatenga chikalata cholamula kuti katundu wa munthuyo alandidwe ndi kulipiranso sherifu. Chimene chinamupulumutsa n'chakuti ankadziwa nyumba ya munthuyo, poti ndi yomwe anaipenta. Akanakhala kuti sadziwa kumene amakhala, pepala lija likanangokhala m'sutikesi.

Ku England kuli chikwapu china chimene chimathandiza wodandaula. Munthu akalephera kulipira chigamulo pasanathe mwezi umodzi, dzina lake limalowa m'kaundula wa angongole kwa zaka 6, ndipo zimamuvuta kupeza ngongole ku banki ngakhalenso nyumba ya lendi. Ambiri amalipira poopa zimenezi, osati poopa khoti.

Zoopsa. Ku South Africa chigamulo cha khotili chilibe apilo, kupatula ngati woweruza anakondera kapena sanatsate ndondomeko, choncho mukaiwala umboni tsiku limenelo mwaluza basi. Ngati ngongole yanu iposa malire, mukhoza kusiya yapamwambayo kuti mlandu ulowe, koma yosiyidwayo simudzaifunsanso. Ku England mlandu umene wakanika kwa mkhalapakati wakhala ukudikira pafupifupi chaka kuti ufike pamaso pa jaji.

Njira yachinayi: khoti la majisitireti kapena khoti lalikulu, ndi loya

Mtengo. Iyi ndiyo njira yodula m'mayiko onse amene tawatchula. Kuwonjezera pa malipiro a loya, ku Malawi, Zambia, South Africa ndi England woluza mlandu kawirikawiri amalamulidwa kubweza gawo la ndalama zimene mnzake wawononga. Thandizo la boma lilipo koma ndi loperewera. Bungwe la Legal Aid Bureau, limene linabwera ndi lamulo la 2011, limathandiza osauka ku Malawi, koma maloya ake amasenza milandu yochuluka zedi. Ku England lamulo la 2012 linachotsa thandizo la boma pa milandu yambiri ya ngongole, ya ntchito ndi ya m'banja, moti ngakhale kumeneko anthu ambiri amadziimira okha kapena kudalira uphungu waulere wa bungwe la Citizens Advice.

Kupezeka. Khoti la majisitireti limapezeka m'boma lililonse ku Malawi, munthu amaloledwa kudziimira yekha, ndipo womasulira amakhalapo. Maloya ambiri ali ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, ndipo wa ku Nsanje kapena Chitipa amalipiranso ulendo wa loya wake.

Kulondola. Mlandu wa ku khoti umafuna mwini wake. Muyenera kufunsa tsiku, kuonetsetsa kuti samani yafikadi, kubweretsa mboni, ndi kupirira mukamva kuti mlandu waimitsidwa chifukwa loya wa mbali inayo sanabwere. Mu 2012 ndi mu 2017 makhoti a ku Malawi anatsekedwa kwa masabata angapo ogwira ntchito atanyanyala, ndipo milandu yonse inaima. Kuchedwa kotere kumadya ndalama zenizeni. Amene ankalondola ngongole yake mu November 2023, pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, anaona ngongoleyo ikuchepa mphamvu ili m'faelo. Komabe njira imeneyi ndiyo yokhala ndi mano, chifukwa khoti likhoza kutuma masherifu kukalanda katundu, kulamula banki kuti ipereke ndalama za wolakwayo, kapena kuletsa munthu kumanga pa malo okanganirana mpaka mlandu utatha.

Zoopsa. Ubale umathera pomwepo, chifukwa m'bale amene mwam'tengera ku khoti sadzaiwala. Palinso malire a nthawi. Ngongole wamba ku South Africa imafa pakatha zaka 3 osaisumira, pomwe ku England ndi ku Malawi malire a milandu ya mgwirizano ndi zaka 6.

Mawu pang'ono pa chizolowezi chathu chothamangira kupolisi munthu akakana kubweza ngongole: wapolisi akhoza kumuopseza wangongoleyo n'kulipira, koma ngongole si mlandu wa upandu pokhapokha pakhale chinyengo, ndipo wotsekeredwa popanda chifukwa akhoza kutembenuka n'kukusumirani inuyo.

Njira iti pa vuto liti

Ngati mkangano ndi wa malire, ziweto kapena ngongole yaing'ono, ndipo inu ndi mnzanuyo mudzapitiriza kumwa madzi a pa mjigo umodzi, yambani kwa mfumu, koma pemphani kuti chigamulo chilembedwe m'buku la mudzi, chidindidwe, ndipo inu musunge pepala lanu. Ngati amene mukulimbana naye ndi wa kubanja la mfumu, kapena nkhaniyo ndi ya chuma cha masiye, musataye nthawi pa bwalo. Pitani kwa alangizi a zamalamulo, ku Legal Aid Bureau kapena ku khoti la majisitireti. Wa ku Zambia amene akufuna chigamulo chotsata mwambo koma cholembedwa apite ku khoti la m'dera.

Wochotsedwa ntchito ku South Africa apite ku CCMA sabata yomweyo, ngakhale bwana akulonjeza zokambirana. Wa ku England ayambe ndi Acas, ndipo wa ku Malawi ayambe ndi ofesi ya zantchito ya pa boma, kenako khoti la milandu ya ntchito ngati bwana wakana kumva. Amene landilodi wam'kaniza dipoziti ku South Africa ali ndi bwalo laulere la nkhani za lendi m'chigawo chake, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1999, ndipo ayambe kumeneko asanaganize za khoti. Ngati wokulakwirani ndi ofesi ya boma ku Malawi, monga pa penshoni yochedwa, ofesi ya Ombudsman imamva dandaulo popanda malipiro.

Pa ngongole yokhala ndi umboni wolembedwa, imene ili mkati mwa malire a khoti la milandu ing'onoing'ono, khoti limenelo ndilo loyenera, malinga ngati mukudziwa kumene wangongoleyo amakhala ndipo ali ndi katundu kapena ntchito yodziwika. Ngati alibe kanthu, mkhalapakati amene angakukonzereni zolipira pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi adzakupindulitsani kuposa chigamulo. Loya ndi khoti lalikulu zisungidwire nkhani za nyumba, malo a lizi, ngozi yovulaza kwambiri, kapena pamene mukufuna chiletso chamsangamsanga.

Patsala vuto limene lafala pakati pa Amalawi okhala kunja, la munthu amene ali ku Cape Town kapena ku Leeds, wakhala akutumiza ndalama zomangira nyumba kumudzi, ndipo pobwera wapeza maziko okhaokha. Khoti la kumene iye akukhala silingamuthandize kwenikweni, chifukwa wodya ndalamayo ndi malowo zili ku Malawi, ndipo mlandu uyenera kukambidwa konkuno. Wotere asonkhanitse malisiti onse otumizira ndalama ndi mauthenga osonyeza chimene ndalamazo zinatumizidwira, ayambe ndi akuluakulu a kubanja kuti wodyayo avomere ngongoleyo polemba pamaso pa mboni, ndipo akakana kapena akaphwanya lonjezo, apatse munthu wodalirika kalata yovomerezeka ndi loya yomuimirira, kuti nkhaniyo ilowe ku khoti zaka 6 zija zisanathe.